Tiyankheni a Mlangizi: Madzi a Chinanazi Kapena Nthanga za Maungu?

Maungu ayamba kukhwima m'minda, ndipo zinanazi zotsiriza zochokera ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay zikadaonekabe m'misika ya m'mbali mwa nyanja. Mwina n'chifukwa chake makalata angapo a mwezi uno ochokera ku Salima ndi ku Nkhotakota akufunsa za zinthu ziwirizi. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa.

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kwa Khombedza ku Salima. Mzime wanga ali ndi zaka 4, ndipo mwezi watha a kuchipatala anati magazi ake ndi ochepa. Bambo ake akapita ku Kamuzu Road amamugulira juwisi wa chinanazi wa m'katoni ponena kuti amawonjezera magazi, koma apongozi anga akuti ndalamazo zikungotayika, ndi bwino ndizimukazingira nthanga za maungu monga momwe iwo analerera ana awo, poti zimaphanso njoka za m'mimba. Kodi ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, pa nkhani ya magazi apongozi anu ndiwo ali pafupi ndi choona, ngakhale kuti bambo a kunyumba sanasochere kotheratu. Kuti timvane bwino, tiyeni tiike zinthu ziwirizi pa sikelo. Ziwerengero zimene ndikupatseni ndi za m'kaundula wa zakudya wa nthambi ya zaulimi ya boma la America, USDA, amene akatswiri a kadyedwe ambiri amagwiritsa ntchito. Nthanga za m'munda mwanu zikhoza kusiyanako pang'ono malinga ndi mtundu wa dzungu komanso nthaka, koma osati mpaka kusintha mfundo yake.

Mu magalamu 100 a madzi a chinanazi osathira shuga, magalamu 86 ndi madzi enieni ndipo magalamu pafupifupi 10 ndi shuga wa chipatsocho. Zomanga thupi, zimene ena amati mapuloteni, sizikwana ngakhale theka la galamu, mafuta ndi ongonunkhiza, ndipo ayironi, mchere umene thupi limapangira magazi, alimo mamiligalamu 0.3 okha. Tikatenga magalamu 100 a nthanga zouma zosenda makoko, tikupezamo magalamu 30 a zomanga thupi, magalamu 49 a mafuta, mamiligalamu pafupifupi 9 a ayironi, mamiligalamu pafupifupi 8 a zinki ndi mamiligalamu oposa 590 a maginiziyamu. Mphamvu imene madziwo amapereka ndi makalori 53, pomwe ya nthanga ndi makalori 559, kutanthauza kuwirikiza kakhumi.

Wina anganene kuti kuyerekeza kotereku n'kokondera, popeza palibe amene amamwa kadontho ka juwisi kapena kudya mbale yonse ya nthanga nthawi imodzi, ndipo akhala akunena zoona. Tiyeni tsono tiyerekeze zimene munthu amadyadi. Kapu imodzi ya mamililita 250 ya juwisi ili ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 25, amene ndi ofanana ndi timasupuni 6 ta tiyi, koma zomanga thupi sizifika galamu imodzi ndipo ayironi safika miligalamu imodzi. Nthanga zosenda zodzaza chikhatho cha munthu wamkulu, zomwe zimalemera magalamu ngati 30, zili ndi magalamu 9 a zomanga thupi, kuposa dzira limodzi lomwe limakhala ndi magalamu 6, komanso mamiligalamu oposa 2.5 a ayironi. Choncho ngakhale pa muyeso wa tsiku ndi tsiku, juwisi ndi madzi otsekemera othetsa ludzu, pamene nthanga ndi chakudya chomanga thupi.

Pali chinthu chimodzi chimene chinanazi chili nacho koma nthanga zilibe, ndipo pamenepa ndi pomwe bambo a kunyumba akhozako. Chinthucho ndi vitamini C. Chinanazi chachiwisi chili ndi mamiligalamu pafupifupi 48 a vitaminiyu pa magalamu 100, pomwe nthanga zili ndi ochepera 2. Ayironi wopezeka m'zomera, kaya ndi nthanga, nyemba kapena masamba, salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama ndi nsomba. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mbewu zonse zimakhala ndi mankhwala achilengedwe otchedwa phytate, amene amamata ayironi ndi zinki m'matumbo n'kutuluka nazo kuchimbudzi. Vitamini C amamasula gawo lina la ayironiyo kuti lilowe m'magazi, koma amachita zimenezi ngati wadyedwa pa chakudya chomwecho, osati m'mawa chipatso madzulo nthanga. Tiyi amachita zosiyana nazo, chifukwa amatsekereza ayironi kulowa, ndiye mwana wochepa magazi musamamupatse tiyi pa nthawi ya chakudya.

Musaganize kuti vitamini C ameneyu ndi wa chinanazi chokha kuti mpaka muzilowa m'thumba. Gwafa ali ndi mamiligalamu oposa 200 pa magalamu 100, kuwirikiza kanayi chinanazi, papaya ali ndi pafupifupi 60, ndipo malambe, amene kwanu kuno amachita kuyoyoka okha, nawonso ali naye wambiri. Dziwaninso kuti juwisi wa m'katoni amatenthetsedwa ku fakitale kuti asawonongeke msanga, ndipo kutenthako kumapha gawo lalikulu la vitamini C, moti wina amatsala ndi mamiligalamu 10 okha pa magalamu 100 pokhapokha ngati opanga abwezeramo wina. Komanso si chakumwa chilichonse chojambulidwa chinanazi kunja chimene chili madzi a chinanazi. Apempheni bambowo kuti aziwerenga zolembedwa pa katoni: ngati mndandanda wa zimene zilimo wayamba ndi madzi kenako shuga, ndiye kuti akugula madzi a shuga onunkhira chinanazi. Ndalama yomweyo ikanagula chinanazi chathunthu chodya banja lonse, kapenanso usipa.

Ndatchula usipa mwadala. Inu a m'mbali mwa nyanja muli ndi mwayi umene anzanu a kumtunda amaugula modula, pakuti usipa, utaka ndi bonya zimadyedwa ndi mutu ndi minga yomwe, ndipo ayironi wa m'nsomba amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'nthanga. Ndikanakhala ine, ndikanasinja nthanga zokazinga n'kuzisefa ngati nsinjiro, ndikanasinjanso usipa wouma, ndipo m'phala la mgaiwa la mwana ndikanamathira supuni imodzi kapena awiri a nsinjiro za nthangazo ndi supuni ya ufa wa usipa, kenako n'kumupatsa kachidutswa ka chinanazi, papaya kapena gwafa akangomaliza phalalo. Ndikunena zosinja chifukwa mwana wosakwana zaka 5 akhoza kutsamwa ndi nthanga yathunthu, makamaka akamadya akuthamanga. Juwisi akapezeka musamumane, koma asapitirire theka la kapu pa tsiku, ndipo azimwa atadya kale, popeza mimba ya mwana ndi yaing'ono ndipo akaidzaza ndi zotsekemera amakana nsima.

Komabe chakudya pachokha sichingathetse vutoli ngati chimene chikumaliza magaziwo chikadalipo. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 63 pa ana 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 m'dziko muno anali ndi magazi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo chifukwa chake sichinali kadyedwe kokha. M'maboma a m'mbali mwa nyanja malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zimatha magazi a ana kuposa momwe phala lililonse lingabwezerere. Mwanayo azigona mu neti, akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo ngati a kuchipatala anamupatsa mankhwala owonjezera magazi awamalize onse. Za njoka za m'mimba, apongozi anu sanazipeke, pakuti anthu a m'mayiko ambiri akhala akugwiritsa ntchito nthanga pochotsa njoka kuyambira kale, ndipo m'nthangamo muli mankhwala otchedwa cucurbitin amene amafooketsa njoka zina. Koma mphamvu yake si yodalirika ngati ya mapiritsi a albendazole kapena mebendazole amene ana amalandira kusikelo, ndipo likodzo silimva nthanga, limafuna praziquantel. Kawauzeni apongozi anuwo mwaulemu kuti nthanga zawo zalandiridwa m'phala, koma ntchito yopha njoka aisiyire a zaumoyo.

Funso: Ndine mayi woyembekezera wa miyezi 5 ndipo ndimakhala kufupi ndi Chia ku Nkhotakota. Mtima wanga ukungofuna chinanazi, koma anzanga akundiopseza kuti chimachotsa pakati. Chachiwiri, mapiritsi a magazi amene ndimalandira kusikelo amandichititsa nseru ndipo chimbudzi chimada. Kodi ndingawasiye n'kumangodya nthanga za maungu, poti ndamva kuti nazonso zimawonjezera magazi? Kwathu kuno nsima yathu ndi kondowole.

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwiri chifukwa ndi limene lili ndi ngozi. Musasiye mapiritsiwo. Mayi woyembekezera amafunika mamiligalamu pafupifupi 27 a ayironi pa tsiku, pomwe mayi amene sali woyembekezera amafunika 18, ndipo taona kale kuti nthanga zodzaza chikhatho zimapereka 2.5 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti mufike pa 27 ndi nthanga zokha mungafunike zikhatho khumi tsiku lililonse, zimene mimba yanu singalole, ndipo ngakhale mutakwanitsa, gawo lalikulu la ayironiyo silingalowe m'thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa tsiku ndi tsiku ayironi wa mamiligalamu 30 mpaka 60 pamodzi ndi vitamini wotchedwa folic acid wa mamaikulogalamu 400, ndipo mapiritsi amene mukulandirawo anapangidwa motsatira langizo limeneli. Kuda kwa chimbudzi ndi chizindikiro chabe chakuti ayironi wadutsa m'matumbo, si matenda. Nseru imachepa mukamamwa piritsilo mutadya kapena pokagona, ndipo mukalimwera madzi a chipatso m'malo mwa tiyi mumathandiza kuti lilowe bwino. Ngati nseruyo ikukulepheretsani kudya, kawauzeni anamwino kusikelo m'malo mongosiya mwakachetechete.

Za chinanazi, mphekeserayo inachokera pa mankhwala achilengedwe otchedwa bromelain amene amapezeka m'chipatsochi, makamaka mu mtima wake wolimba uja. Bromelain amaphwanya zomanga thupi, ndipo n'chifukwa chake lilime limayabwa mukadya chinanazi chambiri, komanso nyama yolimba imafewa ikanyikidwa m'madzi ake. Anthu anaganiza kuti chimene chimafewetsa nyama chingafewetsenso khomo la chiberekero. Koma bromelain amene ali m'zidutswa zingapo za chinanazi ndi wochepa kwambiri, ndipo akafika m'mimba amakumana ndi asidi amene amamugaya monga chakudya china chilichonse. Palibe umboni wakuti kudya chinanazi pa muyeso wa masiku onse kumachotsa pakati. Vuto lenileni limene mungakumane nalo ndi chilungulira, popeza chinanazi ndi chowawasa ndipo amayi ambiri chilungulira chimawavuta pakati pakamakula. Zikatero chepetsani, ndipo musadye chinanazi mukupita kokagona.

Mwatchula kondowole, ndipo pamenepa ndi pomwe nthanga zingakuthandizeni koposa. Ufa wa chinangwa umakhutitsa ndi kupereka mphamvu, koma zomanga thupi zake zimangokhala galamu imodzi kapena awiri pa magalamu 100, pomwe mgaiwa umakhala ndi magalamu 8 kapena 9. Munthu wodya kondowole amadalira ndiwo pa zomanga thupi pafupifupi zonse, ndiye tsiku limene nyanja yavuta ndi mwera, asodzi osalowa m'madzi, mbale ya ndiwo imasauka kwambiri. Masiku oterowo chigwada kapena nkhwani wotendera nsinjiro za nthanga ndi ndiwo zamphamvu, ndipo mtedza ukadula nthanga zimalowa m'malo mwake popanda kutaya kanthu. Musaleke nyemba, khobwe ndi nsomba, chifukwa zomanga thupi za m'nthanga zimaperewera kachigawo kena kotchedwa lysine kamene nyemba ndi nsomba zili nako kokwanira.

Funso: Ndine bambo wa zaka 58 wa ku Dwangwa. Anyamata ogulitsa nthanga zokazinga pamsika amanena kuti zimabwezera mphamvu za m'banja ndiponso zimathandiza amuna amene akuvutika pokodza. Ine usiku ndimadzuka kanayi kapena kasanu kukataya madzi. Ndayamba kudya nthanga tsiku lililonse n'kumatsirizira ndi juwisi wa chinanazi. Kodi ndikuchita bwino?

Yankho: Bambo, zimene anyamatawo akunena zili ndi mbewu ya choona koma azithirira feteleza wochuluka. Zinki, amene nthanga zili naye wambiri, amafunikadi pa kapangidwe ka mbewu ya abambo ndi ka mahomoni achimuna, ndipo mwamuna wamkulu amafunika mamiligalamu pafupifupi 11 pa tsiku. Kafukufuku wa michere ya m'thupi amene anachitika m'dziko muno mu 2015 ndi 2016 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse, ana ndi akulu omwe, anali ndi zinki wochepa, kotero kudya nthanga si kutaya nthawi. Koma zinki amakonza zinthu mwa munthu amene anali woperewera basi. Amene ali naye wokwanira sawonjezera mphamvu iliyonse ngakhale atadya nthanga za dzungu lonse la m'munda. Kufooka kwa m'banja pa msinkhu wanuwu kawirikawiri kumayenda ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya, mowa ndi nkhawa, ndipo nthawi zina ndi chenjezo loyamba lakuti mitsempha ya magazi yayamba kuthina.

Kudzuka usiku kasanu ndiko kwandidetsa nkhawa kuposa zinazo. Amuna ambiri akapitirira zaka 50, kachiwalo kotchedwa pulositeti, kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira ya mkodzo, kamakula n'kuyamba kufinya njirayo, moti mkodzo umatuluka mofooka ndipo chikhodzodzo sichitha kukhuthuka chonse. Ku Germany mankhwala opangidwa kuchokera ku nthanga amagulitsidwa pofuna kuchepetsa zizindikiro zoterezi, ndipo amuna ena amapezako bwino pang'ono, koma nthanga sizibweza pulositeti yokula kuti ichepe, ndiponso sizingakuuzeni ngati chimene chikukuvutani ndi kukula wamba kapena khansa. Kukodza pafupipafupi ndi chizindikironso chachikulu cha matenda a shuga, makamaka ngati mukumva ludzu losatha kapena mukuwonda, ndipo ngati vuto lanu lili limeneli ndiye kuti kapu ya juwisi imene mukutsirizira ija ikukolezera moto. Pitani kuchipatala akakuyezeni shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo, ndipo akaone pulositetiyo. Mukaona magazi mumkodzo musadikire n'komwe, chifukwa kwa munthu amene wakulira m'mbali mwa nyanja ndi m'ngalande zothirira, likodzo lokhalitsa limawononga chikhodzodzo ndipo limatha kubala khansa.

Nthangazo pitirizani, chikhatho chimodzi pa tsiku n'chokwanira. Mafuta ake ambiri ndi a mtundu wabwino ku mtima, koma ndi mafuta ndithu, ndipo chikhatho chimodzi chili ndi makalori pafupifupi 170. Chenjerani ndi mchere umene ogulitsa amathira pokazinga, popeza WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, omwe ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, powerengera ndi wa m'ndiwo womwe. Juwisi yekhayo musiyeni kufikira mutayezetsa, makamaka madzulo, pakuti ngakhale mutapezeka kuti mulibe shuga, kumwa zambiri pokagona kumawonjezera maulendo a usikuwo.

Funso: Ndine mphunzitsi ku Chipoka ndipo ndili ndi matenda a shuga. Ndinasiya zakumwa za m'mabotolo ndipo tsopano ndimafinya ndekha chinanazi popanda kuthiramo shuga. Kodi zimenezi zili bwino?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kusiya za m'mabotolo, koma mwangosamuka nyumba imodzi kulowa ina yoyandikana nayo. Thupi silisiyanitsa kwenikweni shuga wa m'paketi ndi shuga wa chipatso chofinyidwa. N'chifukwa chake malangizo a WHO a mu 2015 amaika shuga wa m'madzi a zipatso m'gulu limodzi ndi shuga wothira ndi uchi, ndipo amati ndi bwino kwambiri munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 25 pa tsiku, omwe kapu imodzi ya madzi a chinanazi imawamaliza yokha. Mukafinya ndi kusefa, ulusi wa chipatso umatsalira m'sefa, pomwe ulusiwo ndi umene umachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndiponso umakhutitsa. Munthu amatha kumwa m'mphindi imodzi madzi a zidutswa zimene sakanatha kuzitafuna zonse. Idyani chinanazicho chosafinya, kachidutswa kamodzi kapena tiwiri pa nthawi ya chakudya, ndipo ngati muli ndi kamakina koyezera shuga dziyezeni patatha maola awiri kuti muone momwe thupi lanu lachilandirira. Nthanga zilibe vuto limeneli chifukwa shuga wake ndi wochepa kwambiri, moti ndi chotafuna chabwino pa nthawi yopuma kusukulu m'malo mwa mandasi. Madzi a chinanazi ali ndi ntchito imodzi kwa inu: shuga akatsika mwadzidzidzi chifukwa cha mankhwala, n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, theka la kapu limamukweza msanga. Ngati a dokotala anakuuzani kuti impso zanu zayamba kufooka, afunseni kaye musanazolowere nthanga, popeza zili ndi fosifolasi ndi potaziyamu wambiri amene impso zodwala zimalephera kutulutsa.

Funso: Ndife gulu la amayi a ku Senga Bay ndipo tikufuna kuyamba kugulitsa madzi a chinanazi ozizira komanso nthanga zokazinga kwa alendo ndi ana a sukulu. Kodi madziwo tiziwawiritsa kuti asamawonongeke? Nanga nthanga ndi bwino kudya ndi makoko kapena kusenda, ndipo tingazisunge bwanji kuti zifike chilimwe?

Yankho: Amayi, pa madziwo pali zinthu ziwiri zokokerana. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma kumachepetsanso vitamini C ndi kuthetseratu bromelain, ndipo kakomedwe kamasintha. Kusawiritsa kumasunga zonsezi, koma madzi a chipatso pa kutentha kwa ku Salima amayamba kusasa m'maola ochepa. Njira yabwino kwa gulu longoyamba kumene ndi kufinya ochepa oti athe tsiku lomwelo, kuwasunga pozizira, ndipo otsala osawagulitsanso mawa lake. Chimene muyenera kuwiritsa kapena kuthira mankhwala a kulorini ndi madzi otsukira zipatso, mipeni, sefa ndi mabotolo, komanso madzi opangira ayezi. Nonse mukukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sunasiye Salima ndi Nkhotakota. Kuwawasa kwa chinanazi si chitetezo chodalirika ku madzi oipa. Malonda akakula n'kufuna kumata mabotolo okagulitsa m'masitolo, mudzafunika kufika ku Malawi Bureau of Standards kuti katundu wanu ayezedwe.

Posankha zinanazi kumbukirani kuti chipatsochi chikachotsedwa pa chomera chake sichiwonjezeranso kutsekemera. Khungu limatha kusintha mtundu ndipo mnofu umafewa, koma shuga amakhala yemwe uja, kotero chinanazi chothyoledwa chosakhwima chidzakukakamizani kuthira shuga wa m'paketi. Nunkhizani kumunsi kwake, chakupsa chimamveka fungo. Popeza ena mwa ogula anu ndi ana, musamauze makolo kuti juwisi ndi mankhwala a mwana wotsegula m'mimba, chifukwa shuga wake amatha kuwonjezera kutsegulako. Mwana wotero amafunika Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki a kuchipatala. Khanda losakwana miyezi 6 limayamwa bere lokha, ndipo mwana wosakwana chaka ndi bwino kumupatsa chipatso chokanya kusiyana ndi madzi ake.

Za makoko, njira zonse ziwiri ndi zololedwa koma zotsatira zake n'zosiyana. Nthanga zokazinga ndi makoko omwe zimakhala ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 19 ndi mafuta magalamu 19 pa magalamu 100, popeza gawo lina la kulemerako ndi makokowo, koma zimakhala ndi ulusi wothandiza chimbudzi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi zosenda. Munthu wamkulu wa mano abwino akhoza kutafuna zonse bwinobwino, atamwera madzi okwanira. Ana ndi okalamba apatseni zosenda kapena zosinja ndi kusefa, chifukwa makoko ambiri osatafunika bwino amatha kuumbana m'matumbo n'kumanga chimbudzi. Pokazinga pa phale kapena m'chiwaya moto ukhale wochepa ndipo muzitakasa mosalekeza kufikira zitayamba kuthetheka ndi kufiirira pang'ono. Zikapserera mafuta ake amawawa.

Kasungidwe ndiko kamene kadzapindulitse kapena kugwetsa malonda anu. Mukadula dzungu, chotsani nthanga nthawi yomweyo, zitsukeni kuchotsa matumbo a dzungu onse, ndipo muziyanike pa lichero kapena pa thandala, osati pa dothi, kwa masiku angapo kufikira nthanga itamathyoka ndi kaphokoso m'malo mopindika. Nthanga yosauma bwino imachita chuku monga amachitira mtedza ndi chimanga, ndipo poizoni wa chuku, amene amawononga chiwindi, satha ndi kukazinga. Iliyonse yakuda, yonunkha chinyontho kapena yowawa itayeni. Zouma bwino zisungeni ndi makoko ake m'chigubu kapena m'ndowa yotseka bwino pamalo ozizira ndi amdima, ndipo muzikazinga ndi kusinja zokwanira sabata imodzi kapena ziwiri zokha, chifukwa nsinjiro za mafuta ochuluka chonchi sizichedwa kununkha m'nyengo yotentha ya Okutobala. Musanayatse moto, patulani kaye nthanga za maungu amene anakoma ndi kubereka bwino kuti zikhale mbewu ya dzinja likubwerali, pakuti nthanga yokazinga simera.